Kuitana Mwana pa Milatho ya Njanji ya ku Sandama

Sitima ndinakwerapo ulendo umodzi wokha, kupita ndi kubwera, koma ndikayamba kufotokoza anzanga a pamjigo amaseka, amati ndimalankhula ngati ndinabadwira m'bogi la sitimayo. Aseke. Iwo sanaione ikutsika mapiri a ku Sandama itadzipinda ngati bongololo, ndipo kaya adzaionanso, poti inaleka kubwera. Pa Luchenza njanji inamera udzu, mbuzi zimagona pakati pake. Ndikamadutsapo pa minibasi ndimasuzumirabe uku ndi uku, sindidziwa kuti ndimayembekeza chiyani.

Kwathu ndi kufupi ndi Nkando. Amuna anga kwawo ndi ku Sandama, anabwera kudzakhala kwathu monga timachitira kuno, ndipo nthawi imeneyo ankathyola tiyi ku esiteti. Mwana wathu woyamba, wamkazi, atangolimba khosi, kunabwera uthenga wochokera ku Sandama woti agogo ake aakazi akufuna kumuona. Iwo sakanatha kuyenda, mwendo unali utawatupa. Amuna anga nawonso sakanachoka, chifukwa mvula inali itayamba, tiyi waphuka, akapitawo samva za tchuthi. Ndiye amene anabwera kudzatitenga ndi apongozi anga aamuna.

Kwathu kuno mpongozi ndi munthu wopatsidwa mtunda. Suwayang'ana kumaso, sudya nawo, sukhala nawo mphasa imodzi. Mukakumana panjira umapatuka n'kugwada cham'mbali mpaka adutse. Chikwatiwireni, ine ndi iwo tinali tisanalankhulane mawu opitirira moni, moni wakenso woyang'ana pansi. Akafuna madzi osamba ankauza amayi anga, amayi n'kuuza ine, tonse tili pabwalo limodzi. Sichinali chidani ayi. Unali ulemu, ndipo tonse awiri tinkausamala ngati dzira.

Anali aatali, oonda, manja akuluakulu a zipsera. Ali mnyamata ankasonkha moto m'sitima za malasha, zija za utsi wakuda, kuponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo kuchokera ku Limbe mpaka kuchigwa. Sitima za dizilo zitabwera ntchito yawo inatha, anabwerera kukalima nthochi. Mdzukulu wawoyo atangomuona anamutcha mkazi wawo, monga amachitira agogo aamuna pocheza, ndipo ankamudandaulira kuti wachedwa kubadwa, wawapeza mano atatha.

M'mawa wa ulendo amayi anandikokera kuseri kwa nyumba akundithandiza kubereka mwana.

"Tamvera," anatero. "Mwanayu sanawolokepo madzi chibadwire. Pamtsinje uliwonse umuitane. Umutchule dzina, kenaka unene kuti tiye, tikuwoloka, usatsale. Ukaiwala, mzimu wake umatsalira pamadzipo, kumene mukupitako kukafika thupi lokha. Mwana wotero amangolira, kuyamwa osayamwa, mpaka kufota."

"Nanga ndikagona m'sitimamo?"

"Usagone. Ndipo woitana ndi iwe, mayi ake. Mawu amene akuwadziwa ndi ako, a wina sangawatsate."

Ine ndimapemphera, Lamulungu lililonse ndimakhala m'tchalitchi. Ngati zimenezi n'zoona kapena ayi sindidziwa mpaka lero. Chimene ndinkadziwa n'chakuti sindikayesera pa mwana wanga.

Tinakwera matola opita ku Luchenza, apongozi kutsogolo ndi dalaivala, ine kumbuyo ndi anthu. Pa mlatho wa Thuchila ndinatembenuza mutu n'kumunong'oneza mwana kumsana: tiye, tikuwoloka, usatsale. Palibe anamva koma iye ndi ine. Ndinati mumtima, ah, ntchito yake ndi yomweyi basi?

Pasiteshoni panali anthu kuposa tsiku la msika pa Nkando. Inali nyengo ya feteleza wa makuponi, matumba ali mbwee paliponse. Ena asenza malata, ena njinga, mchere, sopo wa mitanda, ndipo amayi a geni ya nthochi anali ndi madengu opanda kanthu atawalowetsanalowetsa. Tinadikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Ine kudikira sikundivuta. Ndinakhala pamthunzi, kuyamwitsa, kudya chinangwa chophika, kuyang'ana phiri la Mulanje likuvala ndi kuvula mitambo. Apongozi anaima chapatali, phazi limodzi atalisanjika panjanji. Kenaka anadzutsa mutu n'kunena mokweza ngati akulankhula ndi mtengo:

"Wina awauze amake a mkazi wanga kuti aimirire. Yafika."

Panalibe chimene chinkaoneka. Anthu ena anaseka. Posakhalitsa sitima inalira kutali, pooo, ndipo siteshoni yonse inadzuka ngati nyerere zathiridwa madzi.

Ndinayamba kuimva m'mapazi ndisanaione. Nthaka inkanjenjemera. Kenaka mutu wake unatulukira pakona, wautali kuposa khonde la tchalitchi chathu, ukutulutsa mpweya wotentha wa fungo la dizilo, mabogi akutsatira pambuyo, mitu ya anthu ili m'mazenera monse. Abale, ndinaseka ndekha mokweza ngati mwana! Ndinali ndisanaonepo chinthu chachikulu chotero chikuyenda.

Mmene apongozi analowera sindinaone. Munthu wokalamba uja anangomira m'chigulu cha anthu pakhomo, kenaka n'kutulukira pazenera atakhala kale pampando.

"Dengu libwere!" anauza mphepo.

Ndinakweza dengu langa, analilandira. Pambali panga panaima mayi wina wonenepa wa geni ya nthochi, wa mawu ngati ng'oma. Anandigwira paphewa.

"Achemwali, mwanayo mukalowa naye pakhomo apo akuphwanyirani. Mulowetsereni pazenera, ndi mmene timachitira."

Ndinayang'ana, zinalidi choncho. Ana ankalowera m'mazenera miyendo ikupalasa m'mwamba, nkhuku nazonso chimodzimodzi. Ndinamasula chitenje. Poti sindikanapereka chinthu m'manja mwa apongozi mwachindunji, ndinampatsa mayi uja, iye n'kumukweza. Apongozi anamulandira akuseka.

"Bwera kuno mkazi wanga, ndikuonetse kumene ndinathera unyamata!"

Ndinathamangira pakhomo, kukankhana, kupondana, mpaka ndinaponda pa sitepe n'kusuzumira mkati. Ndinaona kuti andisungira malo, aikapo dengu langa. Koma malowo anali pambali pawo penipeni, mpando umodzi, wopanikiza moti mapewa akanagundana. Ndinaima pa sitepe pomwepo. Ine kukhala phewa ndi phewa ndi apongozi, ulendo wonse, n'kumatulutsa bere pamaso pawo? Ndinakumbukira kuti amuna anga anandiuzapo kuti mabogi ali ndi zitseko zolumikizana, munthu amayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo sitima ikuyenda. Ndinaganiza msanga: ndikwere bogi lotsatira, ndikaime pachitseko chapakati, ndikatume munthu andibweretsere mwana. Ulemu usungike, mwananso ndikhale naye.

Ndinatsika n'kuthamangira bogi lakumbuyo. Mayi wa nthochi uja anali atalowa mmenemo, anandikoka mkono ngati thumba. Nthawi yomweyo sitima inagwedezeka, gudu, n'kuyamba kuyenda. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kutsogolo kwa bogi. Chitseko chinalipodi. Koma kutsogolo kwake anali atasanja matumba a feteleza mpaka kudenga, pamwamba atamangirirapo malata ndi njinga, eni ake atakhala motsamira.

"Pepani bambo, ndimafuna ndidutse."

"Mudutse pati, mayi? Khomo ili titsekula ku Makhanga, kumapeto kwa njanji."

Ndinadzigwira kumsana kumene kunayenera kukhala mwana. Za njala sindinaope kwambiri, anali atayamwa kumene. Chimene ndinaopa ndi mitsinje. Ndinabwerera kwa mayi wa nthochi n'kumufotokozera motsitsa mawu. Ndinalakwitsa munthu womuuza zinthu motsitsa mawu.

"Mayo ine! Tamvani abale!" anakuwa, misozi ya kuseka ikutsika. "Achemwali awa athawa apongozi n'kusiya mwana!"

Bogi lonse linaphulika.

"Nanga akalira, madalawo amuyamwitsa chiyani, ndevu?"

"Musawaseke, analeledwa bwino awa. Akazi anga apongozi awo amawalanda ndi wailesi yomwe."

Bambo wina wa jekete anati za kuitana mwanazo n'zachikale, mwana alibe chimene angasiye pamtsinje. Mayi wa nthochi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Inu amayi anu anakuitanani, n'chifukwa chake muli pano ndi jekete lanulo. Sunthani, zenera ili lalowa ntchito."

Linali zenera loyamba la bogi lathu. Anatulutsa mutu n'kukuwira bogi lakutsogolo mpaka pazenera lake lomaliza panatulukira bambo wina wadazi, wokhoma ndowa, amene ankapita kukagulitsa ndowa zake kumunsi. Mayi uja anamufotokozera zonse, mphepo ikudula mawu, iye akubwereza. Bamboyo analowetsa mutu. Tinadikira. Kenaka anatulukiranso akumwetulira.

"Akuti mwana ali bwino, akuyamwa batani la malaya awo! Akuti amake asade nkhawa, madzi onse a njanji ino akuwadziwa, ngakhale obisala pansi pa udzu. Akamayandikira andiuza, ine ndimenya ndowa, amake aitane. Mwana amuika pafupi ndi zenera!"

Mayi wa nthochi anandikankhira pazenera. Mphepo inandimenya kumaso, duku linatsala pang'ono kuuluka. Minda ya chimanga chongomera kumene inkathamangira kumbuyo, ana m'midzi akutibayibitsa. Mantha analipo, koma ndisaname, kukoma kunaliponso.

Ngwe! Ngwe! Ngwe! Ndowa inalira. Pansi pa magudumu phokoso linasintha, tinali pakamlatho. Ndinatchula dzina la mwana, n'kunena mawu aja.

"Achemwali, mukunong'onezana ndi ndani?" anatero mayi wa nthochi. "Mphepo ikubweza mawu anu kumbuyo. Amene wamva ndi gadi wa kubogi lomaliza, ndipo iye satsala, ali pantchito. Bwerezani msanga madzi asanapite patali!"

Ine chibadwire ndinali ndisanakuwepo. Kukwaya ankandiika mzere wakumbuyo. Koma ndinakoka mpweya mpaka m'mimba n'kutulutsa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Tiyeee! Tikuwoloka! Usatsaleee!"

Wa ndowa analowetsa mutu, n'kutulukanso. "Akuti wamva! Watembenuka!"

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinkaseka, nditagwira chitsulo cha zenera.

Pa Khonjeni ndinafuna kutsika kuti ndisinthe bogi. Ndisanafike n'komwe pakhomo, anthu atsopano anali akulowa ngati madzi osefukira, kundibweza kumene ndachokera. Mayi wa nthochi anakuwa kuti ndiye mwanayo amupatse munthu wa pansi amubweretse pazenera lathu. Yankho linabwera msanga.

"Akuti iyayi! Pano siikhalitsa, imanyamuka osatsanzika. Mkazi wawo sangamupereke kwa munthu wa pansi, nanga ikanyamuka ali m'manja mwake? Amakenso asatsike, ingawasiye. Akutinso wagona."

"Bodza," anatero mayi uja akugula chimanga chootcha pazenera. "Madalawo akungofuna kukhala naye okha mkazi wawoyo." Anabenthula chimangacho n'kundipatsa. Ndinaona kuti apongozi akunena zoona, chifukwa tisanamalize kutafuna sitima inali itayamba kale kuyenda, wogulitsa akuthamanga m'mbali. Ndinadziuza kuti ndidikire. Mwana ali m'manja mwa agogo ake, ine ntchito yanga ndi kuitana.

Kuchokera pa Khonjeni dziko linayamba kupendekeka. Njanji inalowa m'mapiri, ikutsika mozungulirazungulira, mbali ina khoma la miyala lodontha madzi loti ukanatha kulikhudza ndi dzanja, mbali ina phompho, pansi pake mtsinje ukuwira thovu. Nthochi paliponse, m'makwawa, m'zitunda, mpaka pamwamba pa mapiri. Magudumu ankalira tswiii pokhota. Ndipo pokhota pamenepo ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Sitima ikapinda, mutu wake unkaonekera kutsogolo uko ukulowa kuseri kwa phiri, mabogi onse ali ndondondo, ndipo pazenera lina la bogi lakutsogolo ndinkaona kachipewa kachikasu kamene ndinaluka ndekha, katatsamira pachifuwa cha apongozi. Njanji ikawongoka kankabisika. Ikapindanso, ako!

Madzi ndiye anachuluka. Mvula inali itagwa kumapiri, kakhwawa kalikonse kanali ndi mawu. Ndowa inkalira kosalekeza, ine kukuwa kosalekeza. Nthawi zina ndinkayang'ana pansi osaona mtsinje uliwonse, kenaka ndi uwo, kamadzi kakutuluka m'kalavati pansi pa njanji. Anthu anayamba kutsutsana.

"Kalavatinso ndi mtsinje? Mutha mawu, achemwali."

"Madzi ndi madzi. Mzimu wa khanda ndi waung'ono, ukhoza kutsalira ngakhale m'chithaphwi."

"Nanga khwawa louma?"

Funso limeneli analitumiza kutsogolo. Yankho linati khwawa louma aitanebe, chifukwa madzi ake amayenda pansi pa mchenga, iwo anakumbapo kale.

Amayi ena anayamba kuitana nane limodzi. Ndinaopa kuti mwana asokonezeka, sadziwa mawu oti atsate. Mayi wa nthochi anakonza ngati wotsogolera kwaya.

"Ayambe ndi amake okha. Akamaliza, ife tonse tivomere kuti usatsale. Wolowerera pakati ndimutsitsa."

Zinatero. Ine ndikakuwa, bogi lonse linkayankha, "Usatsaleee!" mpaka mapiri kubweza mawu. Anthu olima m'mbali mwa njanji ankaimika makasu kudabwa kuti kodi ndi ukwati kapena ndi msonkhano wa chipani.

Pakati pa mitsinje, wa ndowa anayamba kutibweretsera nkhani zina. Apongozi ankafotokozera mdzukulu wawo za njanjiyo, iye n'kumatiponyera zidutswa pazenera.

"Akuti apa sitima ya malasha inkaima kumwa madzi, panali chithanki pamwamba apo, akazi ankabwera ndi mitsuko kudzapempha madzi otentha a mu injini!"

"Akuti pobwerera, chitunda ichi ankathira mchenga panjanji kuti magudumu agwire. Iwo kuponya malasha osapuma, malaya kuchita kufinya, utsi kuoneka mpaka ku Mozambiki!"

"Akuti ija inali sitima, inkapuma ngati munthu, ukaimva ikukwera umadziwa kuti yatopa kapena yakwiya. Akuti iyi ya dizilo ndi chigayo choyenda basi!"

"Auzeni kuti chigayocho ndi chimene chawanyamula lero!" anakuwa mwini wa matumba a feteleza.

"Akuti n'chifukwa chake afika ali ufa!"

Ndinaseka mpaka m'nthiti kuwawa. Sindinkadziwa kuti apongozi anga ndi munthu wa nthabwala. Tsiku limenelo ndinamva mawu awo ambiri kuposa masiku onse a ukwati wanga, onsewo kudzera pakamwa pa munthu wadazi amene sindinamuonenso. Ndipo sitima ya malasha ija, imene inatha ine ndisanabadwe, ndinayamba kuiona m'maso mwanga ikufwenthera pachitunda, mpaka ndinaisirira ngati ndinaikwerapo.

Kenaka pokhota pena ndinamva kulira. Mayi amadziwa kulira kwa mwana wake ngakhale pakati pa zitsulo. Kachipewa kachikasu kaja kankagwedezeka uku ndi uku. Mabere anandilasa, bulauzi inanyowa. Ndowa inalira, ndinaitana, bogi linavomera, koma kulira sikunaleke, ndipo ndinayamba kudzifunsa: mwana akulira chonchi akumva? Kapena watsalira kale pakhwawa lina kumbuyoku, kulira kumeneku ndi komwe amayi ankanena? Kuseka konse kunandithera.

Wa ndowa anatulukira, ulendo uno osamwetulira.

"Akuti ndi njala chabe, amake asaganize zambiri. Koma akuti kutsogoloku kuli mlatho waukulu wachitsulo, madzi ake ndi aukali, phokoso lake ngakhale ndowa yangayi siimveka. Pamenepo mawu a pazenera safika. Akuti amake abwere."

"Adzera pati?" anafunsa mayi wa nthochi.

"Akuti tisanafike pamlathopo pali kasiteshoni kakang'ono. Ikangoima, asalimbane ndi khomo la mbali ya anthu. Atsikire mbali ya kuthengo, athamange, adutse khomo loyamba poti ndamangapo ndowa zanga, akakwerere lakutsogolo. Asayang'ane kumbuyo!"

Mayi wa nthochi sanadikire kuti ndiganize. "Pisani njira! Amake mwana akudutsa!" Anthu anapinda miyendo, ena kunyamula nkhuku m'mwamba, ndinadumpha madengu, kuponda thumba la mchere, bambo wa jekete uja n'kundigwira dzanja kuti ndisagwe. Ndinaima pakhomo la mbali ya kuthengo nditagwira chitsulo. Kunja kunayamba kuwaza mvula. Mabuleki analira, mabogi anagundana, sitima inaima.

Pansi panali patali kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinakwinya chitenje n'kudumpha. Ndinagwera pamiyala ya njanji, patapata mmodzi n'kuduka pomwepo. Ndinamusiya. Ndinathamanga phazi limodzi lili pamiyala yakuthwa, udzu wonyowa ukundikwapula m'miyendo, mitu ili m'mazenera pamwamba panga ikukuwa, "Thamangani mayi! Limbikirani!" Bogi limodzi lokha, koma linatalika ngati munda wa esiteti. Ndikudutsa pansi pa zenera la apongozi kulira kwa mwana kunandigwera pamutu. Kutsogolo sitima inalira, pooo! Ndinafika pakhomo, sitepe ili m'chifuwa. Manja anatuluka, kaya anali a yani, ena anandigwira m'mikono, ena m'khwapa, ndinangoona ndili m'mwamba miyendo ikupalasa. Gudu! Sitima inanyamuka bondo langa lili pakhomo.

M'bogimo munalira nthungululu. Wa ndowa anamenya ndowa yake ngati ng'oma. Anthu anandipatsana mpaka ndinafika pampando uja. Dengu langa linali pomwe paja. Njira yonseyi, m'bogi lodzaza chotero, apongozi anali atakaniza aliyense kukhalapo.

Ndinafuna kugwada, koma panalibe pogwada. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu woti alandire mwana n'kundipatsa. Apongozi sanadikire zimenezo. Anatambasula manja awo a zipsera aja n'kundiika mwana m'manja mwanga, nkhope yake itafiira, kachipewa katapendekeka. Ndinachotsa dengu n'kukhala. Phewa langa linagunda lawo. Nthawi yomweyo iwo anatembenuka, n'kutulutsa mutu ndi mapewa omwe pazenera, mvula ikuwagwera, ndipo anakhala choncho. Ndinafunda chitenje, mwana n'kugwira bere ngati akulilanga. Kulira kunatha.

"Mlatho uwo ukubwera," apongozi anauza mvula.

Sitima inachepetsa liwiro. Kenaka nthaka inatha, tinali m'malere. Zitsulo zinayamba kudutsa pazenera, phokoso lake gwedegwede ngati malata onse a m'dziko akugwa nthawi imodzi. Kudzera pampata wa pansi pa mkono wa apongozi ndinaona madzi ofiira akuthamanga kutali pansi, atanyamula mitengo ya nthochi yathunthu. Ndinaweramitsa mutu m'chitenje, pakamwa panga pakhutu pake penipeni. Ndinamutchula dzina.

"Tiye mwana wanga. Tikuwoloka. Usatsale."

Analeka kuyamwa. Anatembenuza maso n'kundiyang'ana, mkaka uli pachibwano, ngati akuti ndamva, mukubwerezeranji. Kenaka anabwerera kubere. Magudumu anagwiranso nthaka, phokoso linatsika, ndipo kumbuyo kwathu, kubogi lija ndinachokera, ndinamva anthu akuvomerabe okha, mawu a mayi wa nthochi ali pamwamba pa onse, "Usatsaleee!"

Apongozi analowetsa mutu mwana atamaliza kuyamwa. Imvi zawo zinali kudontha, kolala yonse yanyowa. Sanandiyang'ane, nanenso sindinawayang'ane. Anagwira kaphazi ka mdzukulu wawo ndi zala ziwiri.

"Mkazi wanga, madzi atha. Kuchokera pano mpaka kunyumba n'pouma. Uwauze amako apume."

Pa Sandama tinatsika pakati pa milu ya nthochi yotalika kuposa munthu. Mayi wa nthochi uja anandiponyera patapata wake wakale pazenera, wamkulu moti ndinkachita kumukoka, ndipo sanafune kumva zikomo, anali atayamba kale kukangana ndi ogulitsa. Tinakwera kamtunda, apongozi patsogolo ndi dengu, ine pambuyo patali monga mwa masiku onse. Apongozi aakazi anali pakhonde, mwendo atautambasula pamphasa. Ndinagwada n'kutsekula pakamwa kuti ndipereke moni, koma panatuluka mpweya wokha. Mawu anali atatheratu. Ndinangoomba m'manja.

Anamulandira mwana, n'kumuvula kachipewa, kumuyang'ana m'maso nthawi yaitali, kumugwira paliwombo, kumutembenuza. Mwana anawayang'ananso, kenaka anatambasula dzanja n'kuwakoka duku mpaka linagwa, iye n'kuseka, chiseko chenicheni cha m'mimba.

"Ameneyu wafika yense," anatero agogo akewo. "Nanga amake bwanji, kwawo sapereka moni?"